Tsiku Limene Anadzapasula Masola

Makina a telala anaima pakati pa msoko. Mayiyo anaponda, n'kupondanso, koma zii. Kuseri kwa khoma, makina a wometa nawonso anali atakhala chete.

"Alamu, kwanukonso magetsi azima?" anafuula telala.

"Azima! Munthu ndamusiya ndi theka la mutu!"

Zinali zachilendo. Chigwetsereni namondwe mapolo a magetsi chaka chatha, msewu wonsewo unkadalira masola amene kampani ina inaika pabwalo la kuseri kwa msika, ndipo magetsi ake anali asanazimepo. Anthu anagula mafiriji. Telala anagulitsa makina ake opalasa n'kugula amagetsi.

Awiriwo anathamangira kubwaloko. Atangokhota pangodya, telala anagwira pakamwa. Pageti panali pataima lole, ndipo amuna ovala maovolosi ankakwezamo mabatire. Pamene panali masola panatsala zitsulo zokhazokha.

"Akuba masanasana!" anakuwa wometa.

"Si akuba, bambo," anatero mlonda wa pabwalopo, maso ali pansi. "Kampani yagwa. Awa ndi amene agula katundu."

"Yagwa liti? Si m'mawa womwe uno timayatsa?"

"Inenso ndamvera pompano. Ntchito yanga yathera pomwepa."

Telala anapita kwa kapitawo wa amuna aja.

"Achimwene, m'firiji mwanga muli mankhwala a shuga a mayi anga. Akangotentha, atha ntchito. Tisiyireniko batire limodzi lokha."

Kapitawoyo anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Pepani mayi, ine ndangotumidwa. Bwererani ku magetsi akale aja."

"Akale ati? Mapolo ake ali gone mpaka lero! Anatilumpha pokonza, amvekere inu muli nawo kale anu."

Kapitawo anatembenuka. Anamenya chitseko cha lole kawiri, dalaivala n'kuliza injini. Khamu limene linasonkhana linangopatuka, aliyense kukamwa kuli yasa.

Kunyumba, telala anapeza firiji itayamba kale kudontha. Anakulunga mankhwala aja m'nsalu yonyowa n'kuwaika m'chikwama.

"Amayi, valani nsapato. Ndikukuperekezani kwa achemwali, kumene kuli magetsi."

"Mpaka liti, mwanawe?" anafunsa mayi akewo ali pamphasa.

Telala anatsegula sutikesi. Anaikamo madiresi awiri, n'kuima kaye. Kenako anatsitsa zovala zonse za mayi ake, ndi juzi la nyengo yozizira lomwe, n'kuyamba kupinda.