Mchere wa pangodya ya kum'mawa

Khiem anavula nsapato pakhomo n'kuima, chipewa cha ku ofesi ya Afalansa chili m'manja. Linali tsiku lachitatu chiikire bambo ake, a Thach, m'manda.

Mchemwali wake Nhan anali pansi akupala nsomba. Sanadzutse mutu.

"Bwana akuti pepala la munda wa mchere wa bambo lidindidwe pofika Lachisanu," anatero Khiem. "Apo ayi, aupereka kwa ena."

"Aupereke. Ine ndatopa."

"Achemwali, nanga amayi adzadya chiyani?"

"Panopa akudya chiyani? Zaka makumi atatu bambo akukokola mchere padzuwa, mapazi ong'ambika, wonse n'kupita kunkhokwe ya boma. Wothira mundiwo tikagule kwa omwewo. Ndipo pasikelo pamakhala iweyo."

"Ine ndimangolemba."

"Ndiye kalembe kuti mwini wake wafa."

Mayi awo anali patebulo la nsembe za makolo, akuyatsa lubani. Chifikireni Khiem, anansi ankangodutsa kumsewu. Aliyense ankadziwa kuti mayina a ogwidwa ndi mchere wobisa amalembedwa ndi dzanja lake.

Masana kunabwera mayi Gam, mkazi wamasiye wa kumudzi wa asodzi. Ataona Khiem anaima pang'ono, komabe analowa. Anagwada, naika kamtokoma ka tsamba la nthochi patebulopo. Pambuyo pawo panalowa amayi ena anayi, aliyense ndi kake.

Khiem anamasula kamodzi. Munali mchere wotuwa, wa mibulu, womwe sunaonepo sikelo ya boma.

"Wachokera kuti umenewu, amayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kwa bambo ako," anayankha mayi Gam. "Chimirireni mwamuna wanga panyanja, ngodya ya kum'mawa ya munda wawo sankaikokola. Oyendera a boma akafunsa, ankati mchere wa pamenepo ndi wamatope. Ife tikamafika ndi timitanga, iwo ankatembenukira kunyanja n'kumasuta fodya mpaka titachoka. Pakanapanda iwo, nsomba zathu zikanaola, ana akanagona ndi njala. Tati tibweze kochepa." Anamuyang'ana m'maso. "Ngati ukufuna kulemba, mwanawe, dzina langa ndi Gam."

Khiem anamanganso tsambalo mosamala n'kulibwezera pamalo pake.

Alendo atapita, Nhan anatembenukira kwa mayi ake. "Inu munkadziwa, amayi?"

"Fodyayo ankawapichirira ndani? Bambo anu sankamukonda n'komwe. Ankawatsokomoletsa."

Lachisanu Nhan anakadinda chala papepala. Khiem analipereka kwa bwana wake osawonjezapo mawu.

M'mawa mwake Nhan anatenga chokokolera cha bambo ake, chomwe mpini wake unali utasalala ndi thukuta. Anakokola mpaka msana kuwawa, dzuwa likuotcha pakhosi. Atafika pangodya ya kum'mawa anaimika chokokoleracho mumchenga. Kumbuyo kwake kunamveka mapazi a anthu akubwera mwakachetechete. Iye anapukuta nkhope, natembenukira kunyanja.