Soketi ya Achemwali

Inali ntchito ya ola limodzi basi. Achemwali ake a Fyuzi ankafuna soketi m'chipinda chakumapeto, chifukwa mwana wawo wamkazi, amene banja linali litangomuthera, ankabwerera kwa mayi ake ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Fyuzi sanadikire kupemphedwa kawiri. Dzinali anam'patsa ndi amagetsi anzake chifukwa sankachedwa kupsa mtima, koma pamaso pa mlongo wakeyu, amene anamulera makolo atamwalira, ankazizira ngati madzi a mumtsuko.

Anakwera makwerero n'kulowa m'siling'i dzuwa lili paliwombo, nthawi imene munthu wanzeru salowamo. Malata ankamuwotcha msana. Anakwawa pamitanda, tochi kukamwa, drilo kumanja, waya paphewa. Makoma a m'kati mwa nyumbayo anali a matabwa: mitengo yoimika, mabolodi uku ndi uku, ndi thabwa lochindikala logona pamwamba. Mmisiri amaboola thabwa lapamwambalo n'kutsitsa waya m'kati mwa khoma mpaka pamene wadula malo a soketi.

"Gogodani paja ndalemba ndi pensulo," anaitana.

Achemwali anagogoda ndi mpini wa tsache. Fyuzi anapeza malowo, anaimika drilo, n'kukanikiza ndi thupi lonse monga thabwa lotere limafunira. Drilo inangolowa ngati m'dzungu lowola, mwiniwake n'kutsala pang'ono kugwa chafufumimba.

Thabwa labwino limalimbana nawe, limalira, limalavula utuchi woyera wonunkhira. Apa panatuluka dothi lofiirira. Anabaya pambali ndi sikuludiraiva, inalowa yonse. Anabaya mtanda umene anagwadapo, chimodzimodzi. Atasenda kakhungu kapamwamba, chiswe chinabalalika kuthawa kuwala, chonenepa, chodya bwino kuposa eni nyumba. Anautsata mtandawo ndi tochi mpaka pamene umasenza denga. Nyumba yonse inangoima chifukwa cha penti ndi chizolowezi.

Poyamba anagwidwa ndi mantha, kenako manyazi. Matabwa amenewa anakweza ndi manja ake, iye ndi malemu alamu ake, zaka makumi awiri zapitazo. Ndipo ndi iyeyo, ndi pakamwa pake pothamangapo, amene ananena kuti kupaka matabwa mankhwala n'kutaya nthawi, tikhome tizipita. Alamu anamumvera, poti wamagetsi amadziwa zonse, ngakhale za ukalipentala zimene sanaphunzire.

Fyuzi anatsika ali thukuta kamukamu. Achemwali anali akukolopa m'chipindamo.

"Watha kale?"

"Achemwali, takhalani pansi."

"Ndakhala mokwanira. Nena."

Anawauza zonse osazungulira. "Denga ili siliona mvula ziwiri, mwinanso imodzi yomwe. Mwana asagone muno. Inunso musagone muno."

Ankayembekezera kulira, kapena kutukwanidwa. Achemwali anangofinya chikolopa, n'kukankha kabati pang'ono. M'munsi mwa khoma munali kamzere ka dothi lomwe lija.

"Chaka chachitatu chino ndikusesa zimenezi m'mawa uliwonse. Ukuyesa ndinkati ndi shuga?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ukanatani? Iwe ndi mkazi wako ndi ana asanu m'zipinda ziwiri za lendi. Ukanandiika pati, pansi pa tebulo? Mwanayu akufika Loweruka. Kwina koti apite kulibe."

Fyuzi anayang'ana pansi.

"Mankhwala aja ndinaletsa ndine."

"Ndikudziwa. Ndinalipo, ndinkakuthirirani tiyi."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula ya chaka chatha, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama. Anayamba kulonjeza: apeza kalipentala, aika mizati yochirikiza, ayamba ndi chipinda chino. Achemwali anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera okha, poti onse awiri ankadziwa kuti mzati suchirikiza dothi.

"Ndakuitanira soketi," anatero. "Khanda lidzafuna madzi otentha. Ika soketi."

Fyuzi anabwereranso m'siling'i, akuponda ngati mphaka, n'kutsitsa waya. Atatsika analumikiza mawaya atatu a soketiyo mosamala kuposa masiku onse. Sikulu yoyamba inangozungulira osagwira kanthu. Yachiwiri, yaitali, inagwira pang'ono, iye n'kusiya kumanga isanaboole. Atayatsa magetsi n'kulumikiza ketulo poyesera, ketuloyo inayamba kulira.

Achemwali analowa akukoka matiresi atsopano, adakali m'pulasitiki yake. Anaima pakati pa chipinda akupuma mwabefu.

"Iwe ndiye wakuona kumwambako," anatero. "Tandiuza, bedi tiike mbali iti?"

Fyuzi anakweza maso. Anayang'ana siling'i ngodya ndi ngodya, nthawi yaitali, mlongo wake akudikira. Kenako analoza pafupi ndi khomo.