Mpando wa Tiruwork

Galimoto yanga inayamba kukana kulira mwezi womwe Demissew anasamukira mumpanda mwathu. Sindikunena kuti anachititsa ndi iyeyo. Ndikungotchula mwezi.

Ndi takisi yakale, yabuluu kumunsi, yoyera pamwamba. Ndayenda nayo m'misewu ya Addis Ababa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina inkalira ndikangopotokola kiyi. Tsiku lina inkangoti thi, magetsi n'kuthima, basi. Zikatero ndinkatsegula boneti n'kugogoda mutu wa batire ndi mwala umene ndinkasunga pansi pa mpando. Nthawi zina inkamva. Ikapanda kumva ndinkaitsetseretsa. Kwathu ku Shiro Meda n'kumtunda, choncho ndinkaiimika itayang'ana kumunsi, n'kukailiza ndi giya yachiwiri. Ine ndine dalaivala, si makaniko. Munthu amene ankaigwira galimotoyo anamwalira chaka chatha, ndipo manja atsopano sindinkawafuna.

Lachitatu lililonse ndinkanyamula Woizero Askale kupita nawo kumsika wa Merkato kukagula tsabola wouma, amene amasinja n'kumagulitsa. Kwathu kuno Woizero ndiye kuti Mayi, Ato ndiye kuti Bambo. Amuna awo anamwalira, ndipo khomo lawo limayang'anana ndi langa. Ankakhala kumbuyo ndi matumba awo, chifukwa pampando wakutsogolo panali nsalu yoyera yofunda ya malemu mkazi wanga Tiruwork, yopindidwa monga anaisiyira. Zaka zinayi panalibe amene anakhalapo. Woizero Askale sanafunsepo chilichonse. Tinkapita osayankhulana, n'kubwerako osayankhulana, ndipo ine ndinkaona kuti timamvana.

Demissew anabwera ndi pakamwa pake. Anagwira ntchito ya zamagetsi m'magalaja mpaka kupuma, ndipo anali ndi galimoto yakeyake yofiira imene inkalira asanamalize n'komwe kupotokola kiyi. Mkazi anamuthawa kalekale. Ankadziwa mayina a zidzukulu za aliyense ndiponso nthabwala za ansembe. Kwa ine Woizero Askale ankangomwetulira. Kwa iye ankaseka mpaka kutseka pakamwa ndi nsonga ya nsalu.

Lachitatu lina galimoto inakana, iwo ataima pambali ndi matumba. Ndikugogoda, Demissew anatulukira akutsuka mano ndi kamtengo.

"Ato Zewdie, mwala wanuwo ndi saizi yanji? Teni kapena thwelofu?"

Woizero Askale anaseka. Iye anayandikira, nati ndimulole aone, ndi ntchito yosatha ngakhale kapu imodzi ya tiyi. Ndinatseka boneti zala zake zisanafike.

"Ndikuidziwa," ndinatero.

Ndinaitsetseretsa. Inakalira kumunsi kwenikweni, pafupi ndi ogulitsa nsalu, ndipo mayiwo anatsika phiri lonselo wapansi kudzandipeza. Matumba anawanyamulira Demissew.

Panali chinthu chimene sindinauze aliyense. Tiruwork ali moyo, tsiku la Gabrieli Woyera mwezi uliwonse ankabwera ndi madzi odalitsidwa kuchokera kutchalitchi, n'kuwaza pang'ono pa boneti ndi zala. Atamwalira ndinapitiriza ndine. Galimoto itayamba kuvuta ndinaganiza kuti zala sizikukwanira. Ndinayamba kutsegula boneti m'mawa uliwonse n'kuthira madziwo pamalo podwala penipeni, pamitu ya batire. Pamenepo pankamera ufa woyera wobiriwira pang'ono. Ndinkaupukuta ndi nsanza, n'kuthiranso.

Lamulungu Woizero Askale anatiitana tonse awiri kukadya. Tikudya, anatiuza kuti mwana wawo wamkazi wachira bwino, wabereka mwana wamwamuna. Pamene zinkaoneka kuti zivuta, mayiwo anawinda kuti akapereka ambulera ya kutchalitchi ku Debre Libanos, ndipo tsiku lake linali Loweruka. Demissew sanadikire kumeza. Anati galimoto yake ilipo, mafuta alimo.

"Amene amandinyamula ndi Ato Zewdie," anatero mayiwo. Kenako anayang'ana ine. "Koma kuja n'kutali, ndipo chowinda sichikankhidwa. Loweruka ikalira ndi kiyi, ndikwera yanu. Ndikaona mwala, ndikwera yofiira."

Iwo anang'amba injera, mkate wathu wopyapyala, anakulungamo nyama, naika m'kamwa mwa Demissew ndi dzanja lawo, monga timachitira ndi mlendo amene tikumulemekeza. Iye anatsinzina potafuna. Zaka zonse zimene ndakhala khomo loyang'anana nawo, ine sanandidyetsepo. Anakazinga khofi, natithirira. Ndinamwa kapu yoyamba ndi yachiwiri. Yachitatu, ya madalitso, imene munthu wolemekeza mwininyumba saisiya, ndinaisiya. Ndili pakhomo panga ndinkamva akuseka.

Lolemba galimoto inalira. Lachiwiri inakana. Lachitatu inalira, koma Woizero Askale anati tsabola akadali naye. Lachinayi ndinagogoda mpaka mwala unasweka pakati. Lachisanu m'mawa ndinathira botolo lonse, ndipo kiyi sanabweretse ngakhale thi uja.

Ndinakhala m'galimotomo mpaka dzuwa linafika pamutu. Kutsidya kwa bwalo Demissew ankatsuka yofiira ija akuimba muluzu. Anatsuka ndi mpando wakutsogolo womwe, kawiri. Ndinatuluka n'kukaima pambali pake.

"Bwerani muone."

Ndinkayembekezera nthabwala. Iye anangopukuta m'manja n'kutenga bokosi lake la zitsulo. Atatsegula boneti anagwira waya wa batire n'kuugwedeza ndi zala ziwiri. Unazungulira ngati mphete yaikulu pachala chaching'ono. Anati mwala wanga ndi umene unatambasula chomangira waya mpaka kuching'amba, n'chifukwa chake moto unkadutsa tsiku lina, tsiku lina ayi. Kenako anapaka chala pa batire, nachiyang'ana, nayang'ana kumwamba kumene kunalibe mtambo.

"Madziwa achokera kuti?"

Ndinamuuza. Anayesetsa kubisa kuseka.

"Mnzanga, mwakhala mukuibatiza m'mawa uliwonse? Madziwo imwani inuyo, akuthandizani. Batire ilibe machimo."

Anati ufa uja umayamba wokha chomangira chikakhwepa, koma chinyezi chimaufulumizitsa, ndipo umene ndinkapukuta ndi wakunja chabe. Wam'kati, pakati pa mutu ndi chomangira, unkatsala n'kumatseka njira ya moto. Anamasula waya wakuda poyamba, kenako wofiira. Anandituma madzi otentha ndi soda, ndipo ndinapita. Atathira, ufawo unachita thovu. Anapala mitu yonse iwiri mpaka inawala, anadula chomangira chong'ambika n'kuikapo china cha m'bokosi mwake. Anatsata waya wakuda mpaka pamene umagwira thupi la galimoto, napalanso dzimbiri la pamenepo. Anamanga ndi sipanala, wofiira poyamba, n'kupaka girisi pamwamba.

"Lizani."

Inalira. Ndinathimitsa n'kulizanso. Ndinatero kakhumi, ndikufuna ikane kamodzi kokha iye ali pomwepo. Sinakane.

Ndinamufunsa chimene ndingamuchitire. Anati palibe, kungoti naye Debre Libanos anapitako kalekale ali ndi mayi ake, ndipo n'kupusa kutentha mafuta a galimoto ziwiri pamsewu umodzi.

"Ndikhala kumbuyo ndi Woizero Askale," anatero. "Kutsogolo ndikudziwa kuli eni ake."

Sananene monyoza. Akananyoza ndikanamukaniza mosavuta.

Ulendowo ndi wa maola atatu kupita, atatu kubwera. Msewu uli ndi makona, ndipo mpando wanga wakumbuyo unagwa pakati, moti anthu awiri akakhalapo mapewa amakumana okha. Ndinaganiza zimenezi madzulo onse.

Loweruka m'mawa ndinatsegula chitseko chakutsogolo n'kunyamula nsalu ya Tiruwork. Ndinainunkhiza. Munali fumbi ndi petulo basi. Pamene inali, mpando unali udakali ndi mtundu wake wakale. Ndinakaiika m'bokosi la zovala zake, ndipo ndinachedwa pang'ono m'nyumbamo.

Nditatuluka ndinawapeza onse awiri ataima, mayiwo atavala zoyera, ambulera yokutidwa m'pulasitiki ili m'manja. Demissew anali atawatsegulira kale chitseko chakumbuyo. Ine ndinagwira chakutsogolo. Woizero Askale anayang'ana mpandowo, kenako nkhope yanga.

"Mwatsimikiza, Ato Zewdie?"

"Khalani."

Anakhala pang'onopang'ono, akusonkhanitsa nsalu yawo pamaondo. Ndinatenga ambulera ija n'kuigoneka kumbuyo, pambali pa Demissew. Ndinapotokola kiyi. Inalira.

Demissew anayamba kuyankhula tisanatuluke pageti. Pokwera phiri la Entoto anali akufotokoza za batire yobatizidwa, ndipo mayiwo anatembenuka kuti aseke naye. Ndinapinda galasi loonera kumbuyo kuti ndisamuone. Pofika ku Sululta mayiwo anali atatembenuka kasanu ndi kawiri.

Titadutsa Chancho, Woizero Askale anamasula kathumba ka barele wokazinga. Anatapa pang'ono, anayang'ana manja anga onse awiri ali pachiwongolero, nandiikira m'kamwa. Kenako kathumbako anakapereka kumbuyo osatembenuka. Ndinawongola galasi kuti ndione. Demissew anatapa yekha.