Dongo la ku Bwalo Lakale

Yovani Peguero, ataima pa kachulu ka pakati pa bwalo la besibo, anakweza mwendo kuti aponye mpira, koma anautsitsanso. Kanali kachitatu m'mawa umenewo.

"Wayambanso?" anakuwa kochi Durkin. "Kwatsala masiku asanu kuti tisankhe timu ya chaka chino, iwe ukungovina pa kachulu!"

"Pali munthu akutsokomola kumbuyo kwangaku," anatero Yovani.

Onse anayang'ana. Kunalibe munthu, kapinga yekhayekha mpaka kumpanda. Bwalo latsopanoli linali lisanatsegulidwe. Mipando inali ikadali yokutidwa m'mapulasitiki, penti akununkha, ndipo mbendera zinangolendewera m'dzuwa la Florida, kamphepo kulibe.

"Ndi ukalamba umenewo, madala," anaseka Brody, wowakha mipira, ali chinyonyomalire. "Akulirawo ndi mawondo anu."

"Ndi mzimayi," Yovani anayankha osaseka. "Amatsokomola kawiri, kenako amakoka mpweya ngati akuimba mluzu."

Wendell Tibbs, wosamalira bwalo, anali chapafupi akuthirira dothi ndi paipi. Madzi anadzaza m'nsapato zake iye osamva. Umo ndi momwe mkazi wake Corliss ankatsokomolera chaka chonse chimene anadwala mapapo. Ndipo Yovani sanamuonepo Corliss. Anabwera mu Febuluwale momwemu kuchokera kwawo ku Dominican, kudzayesa mwayi wake womaliza mu besibo, masewera oponya mpira wina n'kuumenya ndi chibonga.

Corliss anagulitsa matikiti pa bwalo lakale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Atamwalira, mtembo wake unatenthedwa monga anafunira, ndipo Lamlungu lina timu ili ku ulendo, Wendell anasakaniza phulusalo ndi dongo la kachulu kamene oponya mpira amaimapo. Sanauze aliyense. Chaka chino timu itasamuka, iye atamva kuti bwalo lakale aligumula, anakumba kachulu konse n'kukasenzera kuno pa galimoto yake. Matumba a dongo latsopano amene eni timu anagula anawabisa mosungira zipangizo.

Nthawi ya nkhomaliro osewera atalowa m'nyumba, Wendell anapeza Yovani atagwada pa kachulu paja, akutola kanthu m'dothi.

"Simukukadya, bambo?"

"Chakudya sichikutsika." Yovani anatambasula dzanja. Munali tizidutswa toyera, touma, tochepa ngati timchenga. "A Tibbs, inu mumalidziwa dothi. Ichi n'chiyani?"

"Zigoba za nkhono. Dongo la kuno limakhala nazo."

Yovani anamuyang'ana nthawi yaitali. Bwalo lonse linali zii, moti ankamva madzi akudontha pa mpope wa kutali.

"Bambo anga anali msodzi, nkhono ndimazidziwa," anatero. "Sindine wamisala, a Tibbs. Ndili ndi ana atatu. Akandichotsa pano palibenso timu inganditenge. Koma sindingaponde pamenepa. Mwendo ukukana wokha."

Wendell anakhala pansi pa kapinga.

"Dzina lake ndi Corliss," anatero. "Mkazi wanga."

Anafotokoza zonse. Yovani anavula kapu, nabwezera tizidutswa tija pansi mosamala, n'kupukuta dzanja pa chifuwa.

"Ndiye masabata atatu onsewa ndakhala ndikuwaponda mayi ndi nsapato za misomali?"

"Ku bwalo lakale anyamata ankaponda, sanadandaulepo."

"Kumeneko kunali kwawo," anatero Yovani. "Kuno munawafunsa?"

Wendell anadzuka, nasasa thalauza, n'kulowa mu ofesi ya kochi.

Durkin anamvetsera sangweji ili m'manja, osailuma. Wendell atamaliza, kochiyo anaiika pa tebulo n'kuikankhira kutali.

"Corliss wa pa windo lachiwiri? Amene ankanditchula kuti Chimphuno?"

"Yemweyo."

"Wendell, Wendell." Anapukusa mutu. "Dzulo ndinaima pamenepo n'kulavulapo." Anapukuta pakamwa ndi dzanja. "Ukudziwa kuti akuluakulu ndiyenera kuwauza. Loweruka adzatsegulira bwalo, meya adzaponya mpira woyamba ali pomwepo. Za ntchito yako sindikulonjeza kanthu."

"Ndikudziwa. Koma mnyamata wanu uja sanalakwe. Mumuonenso mawa pa dongo latsopano."

"Mnyamata wa imvi ameneyo? Ndimuona. Pita ukamutenge mkazi wako."

Masewera a masana anaimitsidwa. Wendell anabweza galimoto yake mpaka pakati pa bwalo, nayamba kukumba. Yovani anatenga fosholo ina. Patapita kanthawi Brody anabwera ndi wilibala, nthabwala zonse zitamuthera. Osewera ena anaima m'mbali atapinda manja, palibe wotafuna chingamu.

Dzuwa linali likuswa mtengo, koma atafika pansi dongolo linali lozizira, lonyowa, ngakhale Wendell anali asanathire madzi pa kachulupo chiyambire Lolemba. Brody analikhudza ndi dzanja, nayang'ana Yovani.

Anakumba mpaka anafika pa mchenga. Wendell anasesa ndi tsache timibulu totsala, nakuta ndi chinsalu cha lona dongo lonse limene anakweza m'galimoto.

"Muwapititsa kuti?" Yovani anafunsa.

"Kunyumba. Kuseri kuli mtengo wa malalanje umene anadzala yekha."

Anapereka makiyi a mosungira zipangizo kwa Durkin, namuuza pamene pali matumba aja, n'kulowa m'galimoto. Atatuluka pa geti anayatsa nyali zakutsogolo masanasana, nayenda pang'onopang'ono monga imayendera galimoto ya maliro. Kumbuyo kwake mzere wa magalimoto unakula, mahutala akulira, koma iye sanawonjezere liwiro mpaka kukafika kwawo.