Minibasi Yotsamwa pa Tala

Atangodutsa mlatho, Dyton anaponda moto, matenda aja n'kuyambanso. Injini inatsamwa, minibasi n'kumadumphadumpha ngati bulu wokana ngolo, liwiro lonse n'kuthera pomwepo.

"Mwadzionera nokha, a Evance!" anakalipa Dyton akuimika pambali pa msewu. "M'fumbi imayenda bwinobwino. Ikangoponda tala, ndiike giya yomaliza, basi chifuwa. Ndiye wina azindiuza kuti sindinaberedwe?"

Evance, makaniko wa pa Sharpevale, anangotukula mpando wakutsogolo, poti injini ya galimoto zimenezi imakhala pansi pa matako a munthu. Kumbuyo kunakhala Zelesi, mkazi wa Dyton, nkhope ili gwa. Sanabwere kudzakwera yaulere ayi. Wakuba ankanenedwayo anali mlongo wake, Gracian, yemwe ankayendetsa minibasiyi zaka zonse Dyton ali ku Joni. Mwini wake atabwerako galimoto inayamba kudwala, ndipo Dyton analanda makiyi pakati pa msika, amayi ogulitsa mpunga akuonerera, n'kunena kuti mlamu wake anagulitsa pampu ya mafuta n'kuikamo yakutha. Chiyambire tsikulo palibe mwini galimoto ankafuna kumuona Gracian, ngakhale kutchalitchi anamuuza kuti ayambe wapuma pa udindo.

Evance anamasula mapulagi, anali oyera. Anakutumula sefa ya mpweya, anapemerera sefa ya mafuta, zonse zinali bwino. Pomaliza anagogoda pampu ija ndi sipanala.

"Madala, pampuyi ndi yobadwa nayo. Taonani mabawuti ake, dzimbiri lili chikhalire. Apa sipanafikepo dzanja la munthu."

"Ndiye kuti anaba china," anatero Dyton. "Amene uja ndi kafumbwe, amadya chimanga cham'kati n'kusiya khungu."

"Bambo a Tisunge, amene mukumunenayo ndi mlongo wanga," anatero Zelesi.

"N'chifukwa chake sindinapite naye kupolisi. Muzithokoza."

Zelesi mtima unamuwawa koopsa, koma anafuna amve kaye mapeto ake.

Evance anakanda m'mutu. "Kodi ikatsamwa, mukaima pang'ono, imachira yokha?"

"Imachira, ngati ikundiseka."

"Tiyeni tiithamangitsenso. Ikangoyamba, muimike msanga."

Anathamanga mpaka inatsamwanso. Evance analumpha matayala asanaime n'komwe, n'kukatsegula chitsekero cha thanki. Panamveka fyuuu! mpweya ukuthamangira m'kati, thanki n'kulira phu! Makaniko uja anakwawira pansi pa galimoto, ndipo potuluka anali ndi kawaya kopotapota m'manja.

"Nayu mfiti yanu. Pali kapaipi kakang'ono kamene thanki imapumira. Wina anakapinda n'kukamanga ndi waya uyu. Mukamayenda pang'onopang'ono injini imamwa pang'ono, sizidziwika. Mukathamanga imafuna kumwa kwambiri, koma mpweya sukulowa, mafuta n'kukanirira m'thanki. Yesani kumwa thobwa m'botolo mutavundikira kukamwa konse, muone ngati litsike. Anamanga ndani?"

Dyton anangoti maso pa tayala.

Zelesi anatsika, n'kutenga kawaya kaja. Kanali ka pulasitiki wobiriwira. "Uyu ndi waya wanga woyanikira zovala. Munamudula sabata imene munabwera, ine n'kumakalipira ana."

"Pankanunkha petulo pamenepo," anang'ung'udza Dyton. "Ine ndinkati m'pamene Gracian amapopera mafuta."

"Ha! Ndiye munaitseka mphuno nokha, n'kukamuvula mnzanu pamsika?" anatero Zelesi.

Evance analongedza masipanala ake. Dyton anamukokera pambali, koma mawu ake a ku Joni aja sankadziwa kunong'ona.

"Izi zithere pompano, a Evance. Akakufunsani, mukati mwasintha pampu."

"Madala, ine ndimakonza galimoto. Za m'banja sindinaphunzire," anayankha Evance, n'kukakhala pamthunzi.

"Lero ndi tsiku la msika," anatero Zelesi. "Amayi aja alipo onse. Tiyeni mukaime pomwe munaima paja, mukanene kuti Gracian sanabe kanthu."

"Ine? Ndikagwade pamaso pa azimayi a mpunga? Anthu azindiona bwanji? Madzi akatayika saoleka, mayi. Ndikamubwezera makiyi madzulo, nkhani yatha."

"Makiyi? Iye akulira makiyi? Ana ake akuitanidwa ana a mbava kusukulu. Mukamubwezera makiyi muli chete, anthu adzati mwamukhululukira wakuba."

"Azinena. Pakamwa pa anthu sungatsekepo."

Zelesi anamuyang'ana mwamuna wakeyo. Chimene chinamupweteka sichinali waya ayi, kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Chinali kuona kuti munthuyu wapumira m'mwamba chifukwa galimoto yachira, ndipo za mlamu wake sizikumukhudza ngakhale pang'ono. Anamangitsa chitenje chake.

"Nyumba mumagonayo ili pa dothi la amayi anga, ndipo njerwa zake anaumba ndi Gracian inu muli ku Joni. Ine ndikupita wapansi kumsika. Mukandipeza kumeneko, tibwerera limodzi kunyumba. Mukapanda kubwera, galimoto yanu tsopano ikuthamanga, ikakufikitsani kwanu ku Champiti dzuwa lisanalowe."

"Mukundithamangitsa chifukwa cha kawaya?"

Zelesi sanacheuke. Anayenda m'mbali mwa tala, dzuwa likuswa mtengo, mpaka pamsika. Anakakhala pa thumba la mpunga la mnzake, maso ali kumsewu.

Posakhalitsa minibasi ija inatulukira. Itafika pokhotera kumsika inachepetsa liwiro, Zelesi n'kuimirira. Kenako Dyton anasintha giya n'kuponda moto, ndipo inapitirira.