Timakina Toyera ta ku Misuku

Anthu a ku Misuku ankanditchula adokotala, ine udokotalawo ndisanaupate n'komwe. Ndinali Tionenji wamba wa ku Thyolo, namwino wosiya wodi n'kuthamangira digiri yachitatu pa yunivesite ina ya ku Ulaya. Kafukufuku wanga anali wa utsi wa m'khitchini: amayi ophikira nkhuni amameza utsi wochuluka bwanji, ndipo umawachita chiyani m'mapapo. Zonse zinayenera kutha mu Okutobala. Mwana wanga Yamikani ndinamusiya kwa achemwali anga a Chrissy ali ndi zaka zinayi. Tsopano anali ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti khofi wa kuno akatha kuthyoledwa ndikubwera, osachokanso.

Ntchito yake inali yotere. Mayi aliyense ndinkamuveka kamakina ka lamba pachifuwa, kakukula ngati sopo wochapira. Kankakoka mpweya womwe mayiyo akupuma, utsi n'kumatsalira pa kapepala koyera ka m'kati. Akavale masiku awiri, ine n'kudzakatenga. Lamulo la apulofesa anga linali lakuti masiku awiriwo ndisaponde pakhomopo, kuopa kuti mayi angaphike mosiyana ndi masiku onse poona mlendo. Lamulo limenelo ndinalisunga mopitirira muyeso. Akandiitanira chakudya ndinkakana, akandiyalira mphasa ndinkati ndikufulumira. Ndinkabwerera ku kachipinda kanga kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, n'kudya ndekha maso ali pa kompyuta. Chisukwa, chiyankhulo cha kumeneko, sindinkachimva, Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo". Lamlungu tikaweruka ndinkakwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi kukasaka netiweki kuti ndimve mawu a mwana wanga. Ndisaname, ndinkasungulumwa mpaka kuyankhula ndekha.

Miyezi isanu ndi itatu, amayi makumi asanu ndi anayi, timapepala tonse tinkatuluka totuwa pang'ono chabe. Ndinadabwa, koma apulofesa anasangalala. Anandilembera kuti izi n'zosaonekaoneka, mwina mphepo ya m'mapiri imaulutsa utsi msanga, tilembe mwachangu ena asanatipitirire. Anatchulanso za ntchito ya uphunzitsi pa yunivesite ina kum'mwera, ulendo wa ola limodzi kuchokera kumene kunali mwana wanga. Ine amene ndinagwirapo ntchito m'wodi ya odwala chifuwa ndinkawamva amayiwo akutsokomola m'tchalitchi mpaka kusokoneza ulaliki. Ndinkamva ndithu, koma mtima unali kale pa basi.

Tsiku lina mu Julayi, wa njinga yamoto amene ankandinyamulira timapepala kupita ku boma ku Chitipa anati anyamuka masana omwewo, chifukwa kamvula kosatha kamene kankagwa kakapitirira, msewu wotsetsereka wa m'mapirimo sudutsika. Ndinalibe kuchitira mwina. Ndinathyola lamulo, n'kupita kukatenga kamakina komaliza nthawi isanakwane. Kanali kwa mama Eneless, mayi wamasiye wa zaka za m'ma fifite, mtsogoleri wa amayi a Umanyano, omwe kwathu timati a Mvano.

Ndinawapeza m'khitchini. Ndikati khitchini ndikunena kanyumba kopanda zenera, chitseko chotseka chifukwa cha kuzizira, nkhuni zonyowa zikufuka pa mafuwa. Nditangosuzumira maso anayamba kundiwawa. Iwo anali atakhala pansi momwemo, akusenda nthochi, akutsokomola mogwira nthiti. Pachifuwa pawo panalibe kanthu.

"Mama, kamakina kali kuti?" ndinafunsa.

"Kali bwino chomene, adokotala, musadandaule. Tiyeni mukakaone."

Anapukuta manja, n'kunditsogolera ku nyumba yogona. Anakoka sutikesi pansi pa bedi. M'kati, pansi pa bulauzi yoyera ya Umanyano, munali kamakina kanga, kokulungidwa bwinobwino m'chitenje chatsopano, kakulira pang'onopang'ono pokoka mpweya wa m'sutikesi.

"Timakavala kumunda, ku khofi, kumadzi, kulikonse," anatero monyadira. "Pophika pokha ndiye timakavula. Mwaona denga la khitchini lija mmene ladera? Utsi wa kuno ngoipa, ungaononge katundu wa eni."

"Timakavula? Inu ndi ndani?"

"Tonse. Tinapangana ku Umanyano tsiku lomwe lija munatiuza kuti kamodzi ndi mtengo wa ng'ombe zitatu. Tinati mwana uyu wachokera kutali, kuno alibe mbale, chakudya chathu sadya, kakaonongeka azungu ake amukalipira yekhayekha. Timuthandize. Nanga kalipo kamene kaonongeka?"

"Palibe, mama."

"Mwaona."

Za ng'ombezo ndinanenadi, pa msonkhano woyamba, chifukwa cha mantha anga. Ndinanenanso kuti akavale nthawi zonse, koma ng'ombe zitatu zinamveka kwambiri kuposa zinazo. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Amayi makumi asanu ndi anayi anali atandisamala miyezi yonseyi ine osadziwa, ndipo chisamaliro chawocho chinali chitapha ntchito yanga yonse. Ndikanakhala pa mphasa kamodzi kokha, ndikanadya nthochi kamodzi kokha, ndikanaziona sabata yoyamba.

Wa njinga uja ndinamuuza kuti azipita. Ndinabwerera m'khitchini muja n'kukhala pa kampando pafupi ndi mafuwa. Mama Eneless anandipakulira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ndipo ndinadya ndikulira. Ankangowonjezera msuzi m'mbale mwanga, akutsokomola.

Masiku atatu sindinalembe kalikonse. Ndivomere kuti maganizo oipa anandifikira. Ku Ulaya ndani akanadziwa za sutikesi ya pansi pa bedi ku Misuku? Manambala anali okongola, apulofesa okondwa, ntchito ikundidikira. Koma pepala la zotsatira za kafukufukuyo likanauza dziko lonse kuti amayi a m'mapiri muno amapuma mpweya woyera, ndipo aliyense wofuna kubweretsa mbaula zabwino kapena mankhwala a chifuwa akanawerenga n'kulowera kwina, dzina langa lili pamwamba. Tsiku lachinayi m'mawa ndinakwera kamtunda kaja n'kutumiza kalata yofotokoza zonse.

Apulofesa anayankha mizere itatu. Anandiyamikira chifukwa chonena zoona. Anati zonse ziyambirenso, chaka china chathunthu, ndipo za ntchito ija tiiwale kaye, sangandisungire.

Lamlungu lotsatira ndinaimirira pamaso pa amayi a Umanyano, mama Eneless akumasulira. Ndinawathokoza. Kenako ndinawapempha kuti timakinato atidetse, atidetse ndithu mpaka tide bii, chifukwa utsiwo ndiye ndinadzera. Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ena n'kumandimvera chisoni. Mayi wina anafunsa ngati tsopano ndizidya. Ndinati ndizidya.

Titabalalika ndinakwera kamtunda ndekha. Achemwali anga anayankha foni, ndinawafotokozera mwachidule, iwo n'kungoti, "Mumuuze nokha." Ndinamva mapazi akuthamanga, kenako kupuma kwa mwana.

"Yami, mwana wanga, uli bwanji?"

"Ndili bwino. Khofi watha?"

"Watsala pang'ono. Koma tamvera, ntchito yanga yalakwika, ndiyenera kuibwereza. Okutobala uno sindibwera kudzakhala. Ndidzangokuona pa Khirisimasi, kenako..."

Ndinkayembekeza kuti alira. Ndinali nditakonzeratu mawu omutonthoza, ndinawayeseza njira yonse yokwera phiri. Sanalire. Anangoti, "Chabwino," mwaulemu, monga amayankhira mwana kwa mlendo wa pakhomo. Kenako ndinamumva akuchotsa foni kukhutu, n'kuitana achemwali anga.

"Amayi, tengani foni yanu. Ndi aja a ku Chitipa, akuti sabwera."