Simento Yaulere M'mbali mwa Mtsinje

Ine ndine Hortênsia, ndili ndi chigayo kuno ku Zóbuè, ndipo nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umabwadamukabe. Amuna anga, a Germano, anatsala pang'ono kupereka chigayo chathu kwa mtsinje ndi manja awiri, kwinaku akudzitama kuti ndi ochenjera.

Chigayocho ndicho chuma chathu chonse. A kampani atatichotsa ku Malabwe kuti akumbe malasha, anatiika ku Cateme, ndipo kangachepe komwe anatipatsa tinagulira chigayo ndi mota yake. Koma ku Cateme madzi anali ovuta. Mota imafuna mgolo wa madzi oiziziritsa, ndiye ine ndinkasenza zidebe mpaka khosi kuuma. Titasamukira ku Zóbuè, a Germano anaona kamtsinje koyenda chaka chonse, m'mbali mwake muli simento yoyalidwa kale, yosalala, yopanda mwini.

"Mai a Lizete, taonani mwayi!" anatero. "Madzi ali pompa, pansi mpowaka kale. Anthu akuno ngogona."

Anaimikapo chigayo. Miyendo ya mota anaikwirira m'simento kuti mbava zisaizule. Nanenso ndinakondwa, ndisaname, poti khosi langa linapuma.

Mvula itayamba, kunabwera a Assucena, aneba athu, omwe timatchulana kuti komadre, kutanthauza mnzanga wapamtima. Iwo ali m'komite ya pamudzi yochenjeza anthu za ngozi za mvula ndi mphepo.

"Bambo a Lizete, chigayochi chichoke pano madzi asanatsike kuphiri."

A Germano anaseka. "Kamtsinje koti ndimalumpha ndi mwendo umodzi aka? Mai, ife tavutikira madzi zaka zambiri. Lero tawapeza, mukuti tiwathawe?"

"Tukulani maso. Mapulasitiki ali m'nthambi za mtengo uwo anapachika ndani?"

"Ana osewera."

"Ndi madzi amenewo, bambo. Amafika pamenepo." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Komadre, simento mwamangapoyi mukudziwa inali ya yani? Inali ya achimwene anga, a Leonildo. Panali chigayonso. Madzi anatsika masana, kuno dzuwa likuwala, mvula itagwa kuphiri kokha. Mota anakaipeza patapita sabata, itadzaza mchenga. Lero a Leonildo amagwira ganyu m'minda ya mbatata."

Ine ukali unandigwira.

"Ndiye mudzi wonse ukudziwa? Miyezi yonseyi mumabwera kudzagaitsa, kuseka nafe, osatitsina khutu? Ndi chinansi chanji chimenechi?"

"Ayi komadre, musandilakwire," anatero a Assucena. "Bambo awa ndawauza kawiri. Anati nkhani za chigayo si za azimai."

Ha! Si za azimai? Ndinawayang'ana amuna anga, iwo ali kalikiliki kupukuta lamba woti ngoyera kale.

"Bambo a Lizete, ndiyang'aneni. Nyumba yathu inapita, munda unapita, manda a amai anga anawafukula ine ndikuona. Pamenepo panalibe chomwe tikanachita. Koma ichi mwauzidwa kawiri, inu n'kundibisira? Chikapita chigayochi, Lizete adzadya simento yanu yaulereyo?"

A Germano anang'ung'udza kuti kumtunda kulibe madzi a mota.

"Kuno si ku Cateme," anatero a Assucena. "Ikani chitsulo cholandira madzi m'mphepete mwa denga, migolo iwiri idzadza ndi mvula imodzi."

Anatilangizanso zina. Matumba a anthu asagone pansi, tiwamangire nsanja. Malata tiwamange ndi waya ku mitengo ya denga, osati kungosanjikapo miyala monga tinkachitira kwathu. Mapepala a lisensa ndi a mota tiwatsekere m'chidebe cha pulasitiki. Mafuta a mota tisunge a masiku angapo. Mota tisaikwirire, tiimange ndi mabawuti omasula, ndipo tipangane ndi amuna anai oti adzatithandize kunyamula zikavuta.

"Ndipo muziyang'ana mbendera ya komite pa sukulu," anatero. "Ikakwera yachikasu, chimphepo chayandikira. Musadikire yofiira."

Kugumula simento ija kunatitengera masiku atatu. A Germano ankamenya nyundo akudandaula, ine ndikuwakumbutsa kuti anaikwirira okha. Tinasamutsira chigayo pa chitunda, kuseri kwa nyumba ya a Assucena. Koma mwamuna ndi mwamuna, chisakasa chakale cha chigayo kumtsinje kuja anakana kuphwasula. Akuti azisungiramo matabwa ndi malata ake otsala.

Mu Janeiro wa 2022 mbendera yachikasu inakwera. Tinakweza matumba onse pa nsanja, tinakoka waya wa denga, n'kutseka. Mvula inagwa masiku awiri osapuma. Tsiku lachiwiri masana tinamva mkokomo, tinatuluka, n'kuona kamtsinje kaja katasanduka chinthu china, kofiira, kakugubuduza miyala ndi mitengo. Chisakasa chija chinangotembenuka kamodzi, basi. Matabwa ndi malata a a Germano sitinawaonenso.

Iwo anaima pamvula, manja ali m'mutu. Ine ndinali ndi mawu ambiri pakamwa, koma ndinawameza. Ndinawamvera chisoni.

Mvula itakata, njira zinali zoduka, ufa m'mabanka, timagolosale takuno, munalibe. Zigayo ziwiri za kumunsi zinali zitamira. Kutacha, anthu anandanda pakhomo pathu ndi malichero ndi matumba, ena atachokera kutsidya, ana akulira njala kumsana. A Germano anapukusa mota, inalira ulendo woyamba womwewo. Palibe thumba la munthu lomwe linanyowa. Pamzerepo panalinso a Leonildo. Amuna anga anawalandira thumba ndi manja awiri, n'kuwagaira osawayang'ana kumaso.

Tsono inu a mabanka, a zigayo, osoka ndi ophika buledi, ndimvereni. Musanamange, funsani eni dera kuti madzi amafika pati. Katundu akhale pamwamba, denga likhale lomanga, mapepala akhale pouma, chenjezo likabwera muchitepo kanthu tsiku lomwelo. Ndipo mukachenjezedwa, kauzeni a kunyumba kwanu. Ngozi ikadza sifunsa kuti geniyo ndi ya bambo kapena ya mai, njala yake mumagona nayo nonse.